Tiwaya Tokana Mtovu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga mpaka tsiku limene ndinamuika m'manda. Ndikuilemba ndi dzanja lomwe linaphunzitsidwa kugwira pensulo ndi munthu amene ndinamupereka.

Masiku a chipani chimodzi ndinkakonza mawailesi pakhonde la golosale ina pa Mzimba boma. Mwini golosaleyo ndiye anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Ine kusukulu sindinapiteko ndili mwana, moti zida za m'wailesi ndinkazidziwa ndi maonekedwe okha. Polumikiza mawaya ndinkasungunula mtovu ndi kachitsulo ka mkuwa kootcha pambaula.

Panali bambo wina wa ku Dedza, wocheka matabwa ku Luwawa, amene ankabwera kutauni Loweruka. Iyeyu ankakhala pabenchi langa n'kumandilembera zilembo pakatoni ya mabatire. Apo n'kuti ndili ndi ana atatu. Ndikalakwitsa ankaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Achimwene, chilembo chanuchi chagona ngati chaledzera. Chidzutseni!"

Loweruka lina anatulutsa m'thumba la malaya kachingwe komvera wailesi m'khutu, kataduka pafupi ndi pulagi.

"Mundilumikizire aka. Koma musakaike poyera."

Sindinafunse chifukwa. Nyumba za antchito ku Luwawa zinali zamatabwa, munthu akatsokomola oyandikana naye ankamva. Ndipo tonse tinkadziwa kuti madzulo, ukapotoza bwino wailesi, kumamveka mawu ochokera kunja kwa dziko onena zimene kuno sitinkatchula.

Atapita ndinasenda kachingweko. M'kati munali tiwaya tochepa ngati tsitsi, tonyezimira ngati mkuwa weniweni. Ndinaika mtovu, koma unangoundana kukhala timipira n'kugwa pansi. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Tiwayato tinali topakidwa utoto wosaoneka ndi maso, ndipo mtovu sugwira pa utoto. Nditapala ndi lezala tinaduka. Kachingwe kanayamba kufupika.

Apo ndinakumbukira nzeru imene anandiuza mkulu wina wobwera ku Joni. Umagoneka kawaya pa piritsi la asipirini n'kukanikiza ndi chitsulo chamoto, ndiye piritsi likamasungunuka limadya utoto uja. Ndinachita zomwezo, ndipo mtovu unagwira bwinobwino. Chimene mkulu uja sanandiuze ndi utsi wake. Unali woyera, wolasa pakhosi kuposa tsabola wokazinga. Ndinatsokomola mpaka misozi, ndipo mphepo inaukankhira m'golosale.

A tcheyamani anatuluka atatseka mphuno ndi mpango.

"Adada, mukufuna kundiphera makasitomala? Mwayamba using'anga?"

Anali akuseka. Kenaka anaona chimene chinali patebulo, kuseka kuja n'kutha. Ananyamula kachingwe kaja ndi zala ziwiri, nakayesa m'khutu mwawo.

"Wailesi ya dziko lathu timamvera tonse, mokweza. Nanga uyu wofuna kumva yekha akumva chiyani?"

"Ndi ka kasitomala, bwana."

"Dzina lake?"

"Ndapota, bwana, anthu amabwera ambiri chomene. Ndaiwala."

"Mbwenu mukakumbukire kunyumba. Mawa ndisanapite kutchalitchi mundipeze. Mukalephera kukumbukira, ndiye kuti ndi kanu."

Anakapinda bwinobwino, nakaika m'thumba la jekete.

Pakhonde lomwelo, kumapeto kwake, panali makina osokera ofunditsidwa chiguduli. Telala wake anamutenga ndi galimoto chaka cham'mbuyo mwake, ndipo palibe ankafunsa kumene ali. Mkazi wake tinkamulambalala pamsika ngati ali ndi nthenda. Masana onse aja maso anga anali pachiguduli chija. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ndinkacheuka. Mayi wina anabweretsa wailesi yongofuna kupukuta pamene pamakhala mabatire, koma ndinalephera ngakhale kumasula sikulu.

Njinga ndinali nayo. Njira ya ku Luwawa ndinkaidziwa, ndipo ndikananyamuka dzuwa lisanapendeke ndikanakamuchenjeza mwini kachingwe uja kuti athawire kwawo. Koma m'mawa mwake akanandifuna ine, n'kupeza mkazi wanga ali yekha ndi ana. Ndinaganizanso zopeka dzina la munthu wa ku Manyamula amene kulibe. Nanga akakafufuza? Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti a tcheyamani ankamudziwa kale, popeza ankamuona pabenchi langa Loweruka lililonse. Mwina n'zoona. Koma ngati ankamudziwa, ndiye kuti chimene ankafuna n'chakuti dzinalo lichokere kwa ine, ndipo linachokeradi kwa ine.

Sindinamuonenso bambo uja. Anzake a kumacheka ankati anamutenga ali pantchito, utuchi uli m'mutu. Mpaka lero ndikadwala mutu, asipirini sindimwa.

Lamulungu lija m'mawa ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinauza mkazi wanga kuti atsogole ndi ana. A tcheyamani ndinawapeza kuseri kwa golosale akupukuta nsapato.

"Mwakumbukira, adada?"

 Ndinatola kachidutswa ka katoni pansi, n'kutulutsa pensulo imene bambo wa ku Dedza yemweyo anandipatsa. Ndinalemba dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chilichonse chili chilili monga anandiphunzitsira, n'kuwapatsa ndi manja awiri.