Kakalata ka Mwana Wamanzere

Inu amene mukuti zanu zatha, tamvani za mayi wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito.

Sitiroko itawagwira, dzanja lawo lamanja linangoti lende ngati si lawo. Dzanja lomwe linagwira choko moyo wonse, likuphunzitsa tiana kulemba, tsopano linkalephera ngakhale supuni. Adokotala anati aphunzire kugwiritsa ntchito lamanzere, koma mayiwo anangotembenukira kukhoma.

"Ine nkhalamba ndiyambirenso kalasi yoyamba? Tandisiyani," ankatero.

Kudzuka ankakana, chakudya ankangochitosa. Mwana wawo wamkazi, amene ankawasamalira, ankakalirira kubafa. Ankaona kuti amayi ake agonja mumtima, ndipo thupi silichedwa kutsatira.

Tsiku lina mwanayo akusuntha kabati, chitini chakale cha mabisiketi chinagwa, timapepala n'kungoti mbwee pansi. Anali makalata othokoza amene ana asukulu ankalembera amayi ake. Anayamba kuwawerengera limodzilimodzi, amayi atayang'ana kukhoma. Kenako anatola kapepala kong'ambidwa m'kope, zilembo zake zopendekera chakumbuyo.

"Zikomo aphunzitsi. Ena onse ankandimenya ndi lula kuti ndisiye kulemba ndi manzere. Inu munati dzanja ndi dzanja, bola lilembe."

"Ameneyo ndi Manzere," anatero amayi, akadali chiyang'anire kukhoma. "Kamwana kamamina kaja! Ndinkakakhazika kumapeto kwa benchi kuti chigongono chisamagunde anzake, kope n'kukapendeketsera mbali inayo."

Mwana wawo anapinda kapepalako. "Ndiye amayi, mwana wa eni munamunamiza?"

Mawu a amayi omwe, amene anawaiwala kalekale, anali atabwerera kudzawatsutsa. Anachita manyazi, manyazi enieni.

"Bweretsa kope ndi pensulo," anatero.

Musaganize kuti zinali zophweka, ayi ndithu. Zilembo zoyamba zinali ngati papalasa nkhuku. Pensulo inkapulumuka, ndipo tsiku lina anaiponya kukhomo ndi mkwiyo. Koma m'mawa mwake anakhala kumapeto kwa tebulo, kope n'kulipendeketsa monga ankachitira ndi kamwana kaja. Dzanja lophunzira pensulo linaphunziranso supuni, kenako mabatani, kenako ndodo yoyendera. Mayi ameneyu ine ndimamuvulira chipewa.

Patapita miyezi, mwana wawo anafunsafunsa mpaka anamva komwe Manzere ankagwira ntchito. Amayi anaumirira kupita okha, ndodo ili m'manja. Anamupeza ali bambo wa imvi m'ndevu, atakwera pamakwerero kutsogolo kwa sitolo, akulemba chikwangwani. Burashi inali m'dzanja lamanzere. Dzanja lomwe ankalimenya lija ndi limene linkadyetsa banja lake.

Atawazindikira anatsika msangamsanga, n'kupukuta penti pa ovololo. Amayi anamupatsa kapepala kake kakale kaja. Iye anapukusa mutu. Sankakumbukira n'komwe kuti anakalemba.

"Tembenuza," anatero amayi.

Kuseri kwake kunali zilembo zonjenjemera, zopendekera chakumbuyo: "Zikomo mwana wanga. Ndalemba ndi manzere."

Bamboyo anayang'ana dzanja lawo lolendewera lija, misozi ili lengelenge.

"Aphunzitsi," anatero akuseka chogwetsa misozi, "koma mizere simukuitsata bwino."

"Iwe usandithere ulemu, ndangoyamba kumene sukulu!"

Abale anga, kamwana kaja kanang'amba pepala m'kope osadziwa kuti kakusungira mphunzitsi wake mankhwala a ukalamba. Kodi inu aphunzitsi anu munawathokoza? Musadikire kukanena pamaliro, kumene mwini wake samva. Alembereni lero, ngakhale mizere iwiri. Ndipo inu amene dzanja limodzi lakukanani, osataya mtima. Linalo lilipo, yambani nalo.