Alamu Anga a Zimitsa-Yatsa

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, amadzitcha injiniya. Injiniya wa chiyani? Munthu anayamba ndi kugulitsa machaja a foni pasiteji ya basi, kenako anasesa miyezi isanu ndi umodzi mushopu yokonza makompyuta, n'kutulukamo ndi sikuludalaivala m'thumba la shati. Sukulu yawo yonse ndi imeneyo. Anthu anawapatsa dzina loti a Zimitsa-Yatsa, poti mankhwala awo ndi amodzi basi: kuzimitsa kompyuta, kuwerenga mpaka teni akuyang'ana kudenga, n'kuyatsanso. Eni ake dzinalo amalinyadira.

Ine ndinali mlembi wa loya wina kwa zaka zisanu ndi zinayi. Makalata onse a milandu ankadutsa padesiki panga. Tsono chaka chatha zinsinsi zinayamba kutuluka. Zimene talemba Lolemba, pofika Lachinayi a mbali inayo akuzidziwa kale. Bwana anayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Kupusa kwanga, ndinamvera achemwali. "Itana alamu ako, iwe. Chibale n'fupa, sichiola."

Anabwera atamanga tayi. Anapezadi kapulogalamu kachilendo kakugwira ntchito mobisa m'kompyuta yanga ya kuofesi, anakatseka, kenako zimitsa, teni, yatsa. "Mlamu, wakuba uja ndamupha," anatero akupukuta m'manja. Mawa lake kanali pomwepo. Anabwera kanayi, ndipo kanayi konseko anamupha.

Chimene sankadziwa, ndipo inenso ndinachimva mochedwa, n'chakuti kompyuta ili ndi mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha ikangoyatsidwa. Mbava ikalowa imalembetsapo kake, n'kukapatsa dzina laulemu, ngati n'ka pulinta. Ukakatseka osakachotsa pamndandandapo, ukangoyatsa kadzukanso. Ndiye alamu akamayatsa ankachita kum'tsegulira chitseko wakubayo, uku akuimba mluzu.

Bwana atatopa anagula kompyuta yatsopano. "Mayi, zikatulukanso ndi iyi, ndidziwa kuti vuto si makina." Mtima wanga unakhala pansi, poti ndinalibe chobisa. Ntchito yosamutsa zinthu anapatsa alamu omwewo.

Apa ndiye anaonetsa luso lawo lonse. Kusamutsa makalata okha anaona ngati n'kuchepa. "Ndikufuna mukayatsa m'mawa, zonse zizitseguka monga munazolowera," anandiuza. Anakopera chilichonse chodzuka chokha, osafunsa kuti ichi n'chayani, icho chinabwera liti. Kuthawa nsikidzi utanyamula matiresi omwewo! Pomaliza anaitana bwana kuti adzaone, akudziguguda pachifuwa kuti sanasiye ngakhale chimodzi.

Sipanathe milungu iwiri, kalata ya mlandu wa malo inafika kwa a mbali inayo. Bwana sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi. Ndinatuluka ndi kapu yanga ya tiyi m'chikwama, manyazi akundiwotcha nkhope, anzanga atazyolika.

Patapita mwezi zinsinsi zinkatulukabe, ine kulibe. Bwana anaitana mayi wina wodziwadi ntchito, ndipo mayiyo sanathe ngakhale ola limodzi. Anatsegula mndandanda uja, n'kuloza kapulogalamu kaja ndi cholembera. Bwana anandiimbira foni n'kundifotokozera zonse. "Pepani kwambiri, mayi. Koma pampando panu pali kale munthu."

Ndinapita kwa achemwali mtima ukuwawa. Alamu ndinawapeza atagona chagada pasofa, mapazi ali patebulo. Ndinanena zonse. Anamvetsera akutokosa m'mano.

"Mwaonatu? Ine ndinanena kalekale kuti m'kompyutamo muli wakuba," anatero. "Koma musadandaule, mlamu. Mawa mubwere ndi masatifiketi anu onse, ndikulembereni kalata yofunsira ntchito pakompyuta yanga."

Ndinayang'ana achemwali anga, amene tinayamwa bere limodzi, kuti mwina anenapo kanthu. Anandikodola ndi chigongono.

"Iwe, sukuthokoza?"