Tsiku Limene a Edna Analowa M'bwalo

A Edna a ku Ntcheu anatsatira amuna awo, a Alufandika, ku Joni mu 1992, atatenga kamwana kawo Maureen, koonda ngati bango. Bambo anali mlonda ku Wadeville. Mayi anapeza ntchito yokolopa holo ku Springs, kumene dona wina ankaphunzitsa atsikana jimunasitiki, gule wa azungu wozunguza riboni uku ukupinda msana ngati Mulungu anaiwala kuikamo fupa. Maureen ankatengera kuseri kwa chitseko ndi lamba wa apuloni. Dona atamuona, anamulowetsa m'gulu.

Pofika 1996 Maureen anali atagonjetsa atsikana onse a ku Springs, ndipo anapita ku mpikisano waukulu ku Kempton Park. Wopambana ankalandira mendulo ya golide ndi malo mu timu ya chigawo.

Maureen anavina, abale inu! Riboni ikuyenda ngati njoka yoledzera. Koma holo yonse inali zii. A Edna zinawapweteka. Kwathu munthu akavina bwino sumangomuyang'ana, umalowa m'bwalo n'kumupukuta thukuta.

"Bambo a Maureen, anthu awa ndi mfiti kodi? Mwana akuthyoka msana, iwo ali duu!"

"Khalani pansi, mayi. Kuno si ku Tsangano."

Ankauza mpando. A Edna anali kale pakati pa bwalo, nthungululu ili pakamwa, nsalu ili m'manja. Riboni inakola duku lawo, nyimbo n'kutha mayi ndi mwana akumasulana. Oweruza anadula mapointi, Maureen n'kukhala wachinayi.

Milungu iwiri mwana sanawayankhule. Atatsegula pakamwa anati, "Amayi, chaka chamawa mukadzabwera, ine sindidzavina."

A Edna analira, analumbira, anatchula ndi Mvano yomwe. Maureen anakana. Ndiye a Alufandika anati, "Ndimalondera fakitale yathunthu, ndingalephere amako? Abwere, ndidzaona ine."

Mu 1997 onse anabwereradi ku holo ija ya ku Kempton Park. Bambo anadikira mayi akhazikike, kenako n'kukhalira nsonga ya chitenje chawo ndi thupi lonse.

"Mukudziwa kuti mwakhalira chitenje changa?"

"Ndikudziwa. Imirirani, muone amene azungu amuombere m'manja."

M'kati munali petikoti yokha, yong'ambika pambali. Maureen anaponya riboni m'mwamba, kugubuduka, n'kuiwakha. A Edna anadzuka theka, anamva mfundo ikumasuka, n'kubwerera pansi msangamsanga. Katatu konse. Gule wawo yense anathera m'mapewa ndi m'zala za kumapazi.

Maureen anatenga golide, analowa mu timu, ndipo anapambananso zaka ziwiri zotsatira. Mipikisano yonseyo a Alufandika ankapempha tchuthi ku Wadeville. Bwana wawo akafunsa chifukwa, ankayankha kuti ali ndi ulonda wina woopsa kwambiri.