Njati ya Makatoni

Chaka cha korona ndinali mlonda pa kampani ina yosunga nkhuku ndi nsomba m'zipinda zozizira, kuseri kwa Silicon Oasis, m'dziko la chipululu kutsidya kwa nyanja. Ntchito yanga inali kutsegula geti, kuloza anthu pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, basi. Ndinkagona ku International City, amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, bedi pamwamba pa bedi linzake. Mahotela atatsekedwa katundu anachepa, moti chipinda chimodzi chachikulu chozizira chinatsala mbee, mashelefu okhaokha ndi chisanu. Chipinda chimenecho bwana wathu anachisandutsa tchire lake.

Bwanayo anali mzungu wa imvi pang'ono, munthu woti akafuna chinthu dziko lonse liyambe laima. Anali atakonza ulendo wa ku Greenland, dziko la madzi oundana, kukasaka nyama ina yomwe anandionetsa pa foni. Njati si njati, nkhosa si nkhosa: chinyama cha nyanga zopindikira m'masaya, ubweya wokokota pansi ngati chafunda mabulangete atatu. Mfuti sankaifuna. Ankati adzaipha ndi uta wa mtengo, monga ankachitira anthu akale. Ndege zitaima, iye anati mpata wapezeka woti azolowere kuponya m'chisanu chenicheni. Anyamata onyamula katundu anamuumbira njati ya makatoni ndi masiponji, n'kuifunditsa bulangete lakutha.

Lamulo la pakampanipo linali lakuti munthu asalowe yekha m'chipinda chozizira, kuopa chitseko chingamutsekere. Ndiye masana aliwonse magalimoto akachoka, ankanditenga ine kuti ndikaime pakhomo. Kuima basi, ngati mtengo.

Koma abale, zomwe ndinkaona! Uta ankautulutsa m'galimoto yotentha uli chikungire, n'kulowa nawo m'chisanu nthawi yomweyo. Nthenga za mivi zinali zomata ndi guluu, ndiye zikamva kuzizira zinkathothoka, muvi n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Nsinga inkamukwapula pamkono mpaka kutupa. Masiku atatu ndinapirira. Tsiku lachinayi pakamwa panandiyabwa.

"Bwana, uta umenewu muuthyola," ndinatero. "Muziyamba mwaumasula nsinga, uzizire pang'onopang'ono, kenako muukunge."

Anandiyang'ana ngati chitseko chalankhula. "Iwe uta ukuudziwira kuti?"

Ndikanangoti ndinaonera pa kanema. Ndikanangoseka n'kupepesa. Koma ndinamuuza zoona, kuti bambo anga kwathu ku Kasungu anali mlenje, kuti nguluwe zoononga chimanga m'dera lathu lonse zinkathera pa uta wawo, ndiponso kuti ine ndinakula ndikudzoza utawo mafuta a nsatsi. Ndinasolola ulusi pa mpendero wa yunifolomu yanga, n'kumanga nthenga za muvi umodzi monga ankamangira bambo, kuzunguliza ndi kunyowetsa ndi malovu. Kenako ndinagwada bondo limodzi, n'kukoka. Zaka zambiri zinali zitapita ndisanagwire uta, koma manja saiwala. Muvi unakalowa kuseri kwa mwendo wakutsogolo wa njati ija, pamalo penipeni.

Bwana anakuwa, kudumpha, kuiwala ndi za kutalikirana zomwe n'kundimenya paphewa. Ndinatuluka m'menemo mano ali gwegwegwe koma mtima uli m'mwamba. Chitsiru ine! Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinapatsidwa jekete yokhuthala ndi magolovesi, ndipo masana pageti pankaima wina. Ndinkamanga mivi, kukunga uta, kumuwongola chigongono, kukazula mivi pa njati ija. Sindinama, poyamba ndinkakondwa. M'dziko lomwe munthu wakuda wa yunifolomu amaoneka ngati gawo la geti, ine ndinali ndi mzungu wondifunsa nzeru.

Mafunso ake anachuluka kuposa zomwe ndinkadziwa. Nyama yaikulu umaiyandikira kufika pati? Ikakuyang'ana umatani? Ndinayamba kutumiza mafunsowo kumudzi, pa foni ya mlongo wanga, amene ankasamala bambo. Nthawi imeneyo bambo anali atayamba kale kudwala, miyendo kutupa, mpweya kuperewera. Atamva kuti mwana wawo akuphunzitsa mzungu uta, anaseka mpaka kutsokomola. Mlongo wanga ankawagwirira foni pakamwa, iwo n'kumajambula mawu.

"Umuuze mzungu wakoyo asamalase nyama yonse. Asankhe kamalo kamodzi ngati chikhatho, maso akhale pomwepo. Akalasa akhale pansi, asaithamangitse. Nyama yolasidwa ukaisiya imagona pafupi, ukaipirikitsa imakafera kwa eni ake."

Pakati pa mawuwo ndinkamva kupuma kwawo, ngati munthu wokwera phiri. Bwana ankamvetsera nane limodzi, ine ndikumasulira, iye akulemba m'kabuku. Anawapatsa dzina loti mphunzitsi wamkulu. Ankakonda kunena kuti tsiku lina adzapita ku Malawi kukawagwira chanza.

Patapita miyezi ndege zinayamba kuuluka mwa apo ndi apo. Popeza ntchito inali yochepa, kampani inalengeza kuti ofuna kupita kwawo kutchuthi chachitali alembetse, adzaitanidwa zinthu zikabwerera m'malo. Sabata yomweyo mlongo wanga anandiimbira.

"Achimwene, ngati n'kotheka bwerani. Kuchipatala atibweza, akuti tizingowasamalira kunyumba. Akukufunsani tsiku lililonse."

Bambo nawo analanda foni. "Ubwere ndidzakuone, iwe. Ntchito udzaipeza."

Ndinali woyamba kulembetsa. Ndinagula bulangete la bambo ndi nsapato zofewa zoti mapazi otupa azilowa, n'kulongedza chikwama. Mndandanda utakhomedwa pakhomo la ofesi, ndinauwerenga katatu, kutsika ndi kukwera. Dzina langa munalibe.

Mnzanga wina wa ku Lusaka, woyendetsa kagalimoto konyamula katundu pakampanipo, amene tinkagona chipinda chimodzi, anandikokera pambali. "Boi, ba boss ndiye bachosa zina yako, naona na menso yanga. Manje yenda ukabauze chabe straight. Osati ivo va ulemu va ku Malawi, uzafa nazo."

Ndinapita. Ndinaima pakhomo la ofesi manja kumbuyo, masiki kukamwa, n'kuyamba kuzungulira monga tinaleredwera: kuthokoza chifukwa cha ntchito, kuthokoza chifukwa cha jekete, kenako n'kunena kuti kunyumba sikuli bwino, bambo akudwala kwambiri, ndimapempha ndikawaone. Bwana sanabise n'komwe. Anati inde, dzina analichotsa ndi iyeyo, chifukwa anthu a ku Greenland amulonjeza kuti atsegula posachedwa, ndipo ino ndiyo nthawi yofunika kwambiri.

"Milungu itatu yokha. Ndikanyamuka ine, iwenso unyamuka. Inshallah."

Mawu omalizawo, oti Mulungu akalola, ankawatchula akafuna kukana mwaulemu, tonse tinkadziwa. Pasipoti yanga inali m'kabati ya mu ofesi momwemo. Ndikanatha kuumirira, kusiya ntchito n'kupita osabweranso. Koma mankhwala a bambo, chakudya cha ana anga ndi cha ana a mlongo wanga, zonse zinkachokera pageti lija, ndipo chaka chimenecho anthu ankachotsedwa ntchito ngati nsabwe. Ndinadziuza kuti milungu itatu si chaka. Ndinavala jekete n'kukalowa m'chisanu.

Milungu itatu inakwana, Greenland sanatsegule. Mnzanga wa ku Lusaka ananyamuka, bedi lake n'kutsala matilesi okha. Mlongo wanga anasiya kundiuza kuti bwerani, ankangoti, "Lero amwako phala pang'ono." Ndinadziwa tanthauzo lake.

Kwathu munthu wamoyo sitimunenera imfa, kumakhala ngati ukuiitana. Koma masana ena, ndikuzula mivi pa makatoni aja, ndinatembenuka n'kunena mawu amene sindinaganizepo kuti angatuluke pakamwa panga.

"Bwana, bambo anga akufa. Ndiloleni ndipite."

Anatsitsa uta, n'kuika dzanja pachifuwa. Nkhope inagwa ndithu, sindingamunamizire. "Pepa kwambiri," anatero. "Koma mdala ameneyo ndi wolimba, ndamumva mawu ake. Alenje safa msanga. Tidikire sabata ino yokha, ndikulonjeza." Kenako anati, "Ukamalankhula nawo, undifunsireko chinthu chimodzi. Ku Greenland kulibe mitengo, kulibe udzu, n'koyera kokhakokha. Munthu amabisala bwanji?"

Mxii! Mukuganiza ndinamuponyera mivi yake kumaso? Ayi, bambo ndinawafunsa ndithu. Ine mwana wobadwa yekha wamwamuna, ndinatumiza funso la mzungu kwa munthu amene ankalephera kumeza phala. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti bambo anayankha. Uthenga wake unali waufupi, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Popanda tchire... akwawe chamimba. Mphepo imuombe kumaso. Nyama ikadzutsa mutu, iye afe, asagwedezeke. Ikawerama, asendere." Panadutsa kupuma kwakutali, ndinkamva nkhuku zikulira kuseri. Kenako anati, "Nanga iwe ubwera liti?"

Mawa lake ndinamutsegulira bwana uthengawo. Ndinamasulira za kukwawa, za mphepo, za kufa ndi kusendera, iye akulemba mwachangu. Atamva mawu omaliza aja anafunsa kuti pamenepo akuti chiyani. Ndinati akupereka moni. Masana onsewo munthu wamkulu anakhalira kukwawa chamimba pa simenti yozizira, kuyandikira makatoni, ine nditaima pambali kumuuza kuti atsitse matako.

Bambo anamwalira patapita masiku anayi, dzuwa lili pamutu. Foni ndinali nditaisiya m'kabati ya pageti, chifukwa m'chisanu muja batire inkatha msanga. Nditatuluka ndinapeza mlongo wanga waimba kambirimbiri, ndi uthenga umodzi wolemba: "Atisiya." Nthawi yomwe ankaimbayo ine ndinali ndikumanga nthenga.

Chifukwa cha malamulo a matendawo, maliro sanagone masiku. Ndinawaonera pa foni nditakhala pa masitepe a ku International City, chifukwa m'chipinda anzanga ogwira ntchito usiku anali m'tulo. Netiweki inkaduka, chithunzi n'kuima, anthu ali chiweramire kumanda, kenako n'kuyambanso atasuntha kale. Dothi loyenera kuthira ine anathira msuweni wanga. Ndinalira mokweza pa masitepe pomwepo, mpaka bambo wina wa ku Pakistan wokhala chipinda choyandikana anatuluka n'kundiikira botolo la madzi pambali.

Bwana ndinamuuza ndekha. Anati pepa, ataima patali, n'kundipatsa masiku awiri opuma. Tsiku lachitatu ndinabwerera. Ndinkavalabe jekete, ndinkazulabe mivi, koma pakamwa ndinatseka. Chigongono chikakwera ndinkangochiyang'ana. Nsinga ikamukwapula, mumtima ndinkati imukwapulenso. Za ulendo wanga sindinafunsenso, ndikanathamangira chiyani? Iyenso sanazitchule.

Kenako anthu a ku Greenland analemba kuti ulendo wasunthira chaka chamawa. Bwana anayamba kudumphitsa masiku, lero ali ndi msonkhano, mawa phewa likuwawa. Posakhalitsa tinamuona akubwera ndi njinga yopyapyala padenga la galimoto, atavala timakabudula tothina, akuti m'mawa uliwonse amapalasa ndi anzake cha ku Sports City. Mahotela anatsegulidwa, nkhuku zinabweranso, chipinda chija chinafunika. Njati ya makatoni tinainyamula anthu awiri kukaiponya ku zinyalala, ili mabowo okhaokha. Ine ndinabwerera pageti ndi kamfuti kanga. Khalas, basi zatha. Chinthu chomwe chinandimanitsa kutsazikana ndi bambo anga chinatha choncho, popanda ngakhale nyama imodzi yofa.

Tchuthi changa chinavomerezedwa patatha miyezi isanu chimwalirireni bambo. Tsiku lokatenga pasipoti ndinapeza bwana ali wosangalala, nkhope yofiira ndi dzuwa la panjinga. Anatulutsa pasipotiyo m'kabati n'kuiika patebulo, dzanja lake lili pamwamba pake. Kenako anati ndidikire, ali ndi kanthu. Anasuzumira kuseri kwa chitseko n'kutulutsa uta uja, uli m'thumba lake lansalu, pamodzi ndi mivi yomwe ndinamanga ine.

"Tenga," anatero. "Ine sindiugwiritsanso ntchito. Ukawapatse bambo ako, mphatso yochokera kwa wophunzira wawo. Ukawauze kuti ndikupereka moni, ndipo tsiku lina ndidzabwera ndithu kudzawaona."

Ndinamuyang'ana m'maso kuti mwina akundinyoza. Ayi. Maso ake pamwamba pa masiki ankamwetulira ndi mtima wonse, ngati munthu amene wachita chinthu chabwino kwambiri. Anali ataiwala. Kundinyoza kukanakhala bwino, chifukwa wonyoza amakhala akukumbukira.

Ndinatsala pang'ono kutulutsa mawu onse amene ndinawasunga miyezi isanu. Ndinayang'ana dzanja lija lili pa pasipoti yanga, ndinaganiza za ana, ndi za kalata yondiitananso kuntchito yomwe anali asanasaine. Ndinatambasula manja awiri, n'kuwerama pang'ono polandira.

"Zikomo kwambiri, bwana," ndinatero. "Akasangalala."