Nambala Seveni Inakalika

Kompyuta yathu anandipatsa ndi abwana amene ndimawasamalira maluwa ku Edenvale. Ilibe tizithunzi todinapo. Ukaiyatsa pamangoti bii, ndipo kuti CD ilire umachita kulemba mawu. Abwanawo anandiphunzitsa: mawu awiri achingerezi, kenako manambala a nyimbo zimene ukufuna.

Mkazi wanga anabwera kuno ku Joni ndi CD imodzi yokha, ya kwaya ya kwawo ku Dedza. Pa nambala seveni amatsogolera ndi Yohane, yemwe ndinamva kuti anamufunsirapo ine ndisanatulukire. Nyimboyo ikangoyamba, mayiyu ankasiya kuchapa n'kutsinzina. Ndiye ndinayamba kulemba sikisi, kenako eyiti.

"Nanga seveni ija?" anafunsa.

"Inakalika," ndinatero, uku ndikupukuta CD ija ndi malaya ngati munthu wodandaula.

Loweruka lina, pochokera kuntchito, ndinamva mawu a Yohane ndikadali pageti.

"Ndinkayang'ana zala zanu, bambo a Chikondi," anatero mkazi wanga osacheuka n'komwe. "Amene akuimba alito kumbuyoko ndi malemu achemwali anga. Ndilibenso kwina kowamvera."

Kupepesa kunandikanika. Ndinangoti mwina fumbi lachoka.

Masiku ano seveni ndimailemba ndekha osauzidwa, kenako n'kusendera pafupi ndi sipika, khutu lili tcheru, kufunafuna alito ya achemwaliwo. Mpaka lero ndimangomva Yohane.