Ng'oma Yonyowa ya pa Khirisimasi

Agogo anamulanda ng'oma mnyamata wina wa kwaya osamupempha.

"Bwera nayo kuno. Ukuimba ng'oma kapena ukumenya dzungu?"

Unali m'mawa wa Khirisimasi, patchalitchi chathu chofolera udzu, kumtunda kwa Msakambewa. Mvula inali itangokata. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri, fodya m'minda atafika m'mawondo, ndipo kuseri kwa tchalitchi amayi ankakazinga nyama ya mbuzi pankhuni zonyowa, utsi wake ukukwawa pansi n'kumatilowa m'maso. Ine ndinali mwana. Agogo a Mwale anali bambo awo a mayi anga. Tsiku limenelo anayenera kubatizidwa.

Moyo wawo wonse anali munthu wa kugule. Ankaimba mbalule, ng'oma imene imalankhula ndi ovina, ndipo maliro akakhala aakulu ankawatenga mpaka ku Kasakula. Wopemphera anali agogo aakazi, aNaphiri. Iwo atamwalira, amayi a mpingo anawaimbira nyimbo kuyambira pakhomo mpaka kumanda, agogo akutsatira kumbuyo ngati mlendo. Pobwerera anangoti, "Kumene wapitako, nanenso ndipita komweko." Mbalule anaipereka kwa mphwawo. Analowa kalasi ya ubatizo pamodzi ndi ana. Akulu a mpingo anawauza chinthu chimodzi: za kugule zithe, zisamvekenso kwa iwo.

Abusa ankafika kwathu pa Khirisimasi ndi pa Pasaka basi. Ndipo agogo anali atayamba kutsokomola.

Ng'oma ya kwaya inali itagona pakhonde, chikopa chitalefuka. Agogo anasolola udzu wouma kudenga, anapala moto kwa amayi aja, n'kuyamba kuiwamba. Ankaitembenuza pang'onopang'ono, akusisita chikopa ndi chikhatho, fungo la ubweya wowauka likusakanikirana ndi la nyama. Anaigogoda ndi chala. Anaiwambanso. Kenaka anaipana ndi miyendo kuti aiyese.

Manja anapita okha. Sinali nyimbo ya kwaya. Kanali kaimbidwe koitanira gule m'bwalo. Sikanatalike, koma kwathu kuno palibe amene sakadziwa. Mayi wina wokalamba anaomba m'manja, kenaka anadzigwira pakamwa. Ana aang'ono anathawira kumbuyo kwa amayi awo, maso ali kutchire.

Agogo analeka. Anayang'ana manja awo.

A Mbewe, mkulu wa mpingo, anatuluka m'tchalitchi jekete atavala mkono umodzi. Anali mnzawo wa agogo kuyambira kubusa.

"A Mwale, chimenechi n'chiyani?"

"Ndimayesa chikopa."

"Chikopa amayesa ndi nyimbo imeneyo?"

"Nanga inu a mpingo mwaidziwa bwanji?"

Anthu ena anaseka. A Mbewe milomo inagwedera, koma sanaseke.

"Abusa amva. Anthu amva. Lero sizitheka. Mudikire Pasaka."

"Pasaka ndi kutali, a Mbewe. Chifuwachi mukuchimva."

"Ndikuchimva. Koma ndikakulolani lero, mawa anyamatawa ndiwauza chiyani?"

Agogo sanatsutse. Anabweza ng'oma kwa mnyamata uja. "Usamaigoneke pakhonde," anatero. Analowa m'tchalitchi, anakhala kumbuyo, n'kumaonerera ana a m'kalasi mwawo akubatizidwa. Ng'oma inalira bwino tsiku limenelo. Titafika kunyumba anavula shati yoyera imene mayi anawagulira, anaipinda, anaiika m'dengu. Mpunga anadya pang'ono.

Inabwera miyezi ya njala. Tinkadya nkhwani, tinkathyola fodya mame ali thoo, tinkamusoka m'chigafa zala zitada ndi utomoni. Agogo ankakhala pakhomo pa chigafacho, akusoka nafe, akutsokomola. Mayi ankamvetsera chifuwacho. Lamulungu lililonse agogo ankakwera chitunda cha kutchalitchi, akupumira pamwala wa pakati panjira. Kwaya ikangoyamba, ankaika manja pansi pa ntchafu zawo n'kuwakhalira mpaka nyimbo ithe.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake.

"Manja awa sanalowe kalasi," anatero. "Ndinalowa ndine."

Chimanga chitayamba kukhwima, miyendo inawakana. Lamulungu lotsatira tinamva belu la njinga pabwalo. Anali a Mbewe.

"Kwerani, a Mwale."

"Mukandigwetsa, inu. Kubusa ng'ombe zinkakuthawani."

"Ndikakugwetsani ndikakutolani. Kwerani."

Chitunda chija a Mbewe ankachikwera wapansi, akukankha njinga, agogo ali pakaliyala, thukuta likutuluka mpaka pajekete. Anachita zimenezo mlungu ndi mlungu. Za ng'oma sanakambiranenso.

Pasaka anafika maungu atacha, udzu utayamba kufiira. Agogo anabatizidwa atakhala pampando. Shati ija inali itawakulira. Madzi anatsika pamphumi n'kulowa m'ndevu, iwo osapukuta, chifukwa manja anali atawakhalira. Atatuluka panja anati, "Basi. Tsopano aNaphiri andidziwa."

Anamwalira nyengo yozizira, tikukolola. Nyimbo zinayambira pakhomo mpaka kumanda. A Mbewe anatsogolera. Mphwawo wa agogo anabwera, mbalule anaisiya kwawo.

Lero imvi zili pa ine. Tchalitchi n'cha njerwa ndi malata, ndipo kwaya imaimbira kiyibodi ya sola. Kugule sindinalowe. Ng'oma sindinaphunzire. Ndimapemphera, ngakhale mawu ambiri ndilibe. Koma mvula ikagwa m'mawa wa Khirisimasi, utsi wa nkhuni zonyowa ukandilowa m'mphuno, ndimawaona agogo atanyonyomala pamoto wa udzu.

Khirisimasi yapitayi kunachita mitambo masiku angapo, sola inakana. Anyamata anatulutsa ng'oma yakale m'chipinda chosungira katundu. Inali yolefuka. Mdzukulu wanga, amene ali m'kwayamo, anabwera nayo.

"Agogo, akuti inu mumadziwa kuwamba."

Ndinapempha udzu wouma ndi moto. Ndinachita monga ndinaonera. Ndinaitembenuza, ndinasisita, ndinagogoda ndi chala. Chikopa chinakungika.

"Tayesani timve, agogo."

Ndinali nditaipana kale ndi miyendo. Zala zinayamba kundiyabwa, ndipo ndinadziwa nyimbo imene zinkafuna. Ndinayang'ana manja anga. Ndi aakulu, a mfundo, ngati a agogo.

Ndinamupatsa ng'oma mwanayo. Ndinapisa manja m'matumba, n'kunyamuka kulowera kukhomo la tchalitchi.