Njira yachinayi ya nyimbo ya amuna anga

Malemu amuna anga ankaimba limba la kutchalitchi kwathu ku Kaomba, lopopa ndi mapazi. Mapemphero akatha, anthu akutuluka, ankatenga nyimbo imodzi ya m'buku n'kuiimba m'njira zisanu. Poyamba inkamveka monga tonse timaidziwira. Kenako inkatsikira kudzanja lamanzere, lamanja likuthamanga pamwamba pake. Ina inali yochedwa moti amayi anzanga ankati ndiwo zipserera kunyumba.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 3, kulemba nyimbo sindidziwa. Njira zisanuzo ndinkazisunga pakamwa, ndikuziimba chapansipansi posoka fodya m'chigafa.

Atamwalira, alamu anga anandiuza kuti namfedwa samveka akuimba mpaka atameta. Ndinamvera, miyezi isanu. Titameta ndinayesa, ndipo yachinayi inakana. Ndikafika pakati ndinkagwera m'yachiwiri. Ndinkasiya singano, kupita kudimba, kubwerera osathirira, kuyambanso. Posankha fodya ndinasakaniza masamba owala ndi akuda, mtolo wonse n'kumasulanso.

Lolemba lina ndinakwera kabaza kupita ku Kapelula, kwa aphunzitsi okalamba amene anawaphunzitsa limba ali anyamata. Ndinkati iwowo andikumbutsa. Ndinawapeza pakhonde, zala zitapindika ndi nyamakazi. Anatulutsa kalimba ka mabatire, anaimba njira yoyamba, yachiwiri, n'kuchotsa manja.

"Ine ndinamuphunzitsa ziwiri zokhazi, mayi. Zinazo ndi zake."

Anati chimene ankamuuza malemuyo n'chakuti dzanja limodzi lisataye nyimbo, linalo lipite kumene likufuna. Ankamumenya zala ndi pensulo akaitaya. Aphunzitsiwo atachoka kwathu kalekale, sanamumvenso akuimba.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti zitatu zija zatsala mwa ine ndekha. Anatenga kope n'kundiuza kuti ndiimbe. Yachitatu analemba, yachisanu analemba, akundiimitsa kawirikawiri kuti ndibwereze. Yachinayi ndinafika pakati pomwe paja.

Anayesa kuimaliza okha pakalimbako, katatu konse. Zinali zokoma ndithu, koma ndinapukusa mutu.

"Mukandilola ndilemba yangayi. Ndani adzadziwe?"

Ndinati ine ndidzadziwa. Anandiyang'ana, n'kusiya theka la tsamba lopanda kanthu.

Ndapitakonso kawiri. Ulendo wathawu ndinawonjezera pa yachinayi ija mawu atatu a limba amene anandibwerera ndili pachitsime, ndipo ngakhale amenewo ndikuwakayikira. Aphunzitsi anawalemba ndi pensulo.